Dziko lolemera silinabadwe lolemera

Tsiku lina ndinalowa m'kalasi ndi cithunzi ca mzinda wa Lisboa. Lisboa ndi likulu la dziko la Portugal. Ana anaciyang'ana nthawi yaitali. Anaona nyumba zazitali, misewu yabwino ndi magetsi. Kenaka mtsikana wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kodi anthu a kumeneko ndi anzeru kuposa ife?"

Ndinamuyankha kuti iyayi. Koma belu linalira ndisanafotokoze. Lero ndikufuna kuyankha bwino, kuti ana ndi makolo amvere pamodzi.

Kusiyana kulipo, tisabise. Ku Portugal mwana akafuna madzi amatsegula mpopi m'nyumba. Kuno ku Milange ana ambiri amalawirira ndi cigubu kumjigo kapena kumtsinje. Kumeneko mwana amawerenga usiku pa magetsi. Kuno m'midzi yambiri dzuwa likalowa buku limatsekedwa. Kumeneko wodwala amatengedwa pa ambulansi. Kuno timamunyamula pa njinga. Mwana wobadwa ku Portugal amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zoposa 80. Kuno ku Mozambiki ndi zaka zongopitirira 60 pang'ono.

Koma tamverani izi. Dziko la Portugal silinali conco kale. Nakonso kunali malungo, makamaka m'madera olima mpunga. Anthu analimbana ndi udzudzu zaka zambiri. Mu 1973 bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalengeza kuti malungo atha kumeneko. Mu 1970 munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse sankadziwa kuwerenga. M'zaka za m'ma 1960 amuna ambiri ankasiya mabanja kukafuna nchito ku France, monga amalume athu amapitira ku Joni. Lero pafupifupi mwana aliyense wa kumeneko ali pasukulu.

Nanga ife tinatsalira bwanji? Apwitikizi anatilamulira mpaka mu 1975. Anakolola zambiri kuno, koma sukulu za ana athu zinali zocepa. Pamene tinalandira ufulu, anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Kenaka kunabwera nkhondo. Sukulu ndi zipatala zinaonongeka. Minda ya tiyi ya pansi pa phiri la Tumbine inasiyidwa. Agogo ambiri anathawira ku Malawi ndi ana kumsana. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992.

Mwaona? Si nzeru zimene zinatisowa. Tinasowa sukulu ndi mtendere.

Ndipo sitinakhale cikhalire. Kalembera wa mu 2017 anaonetsa kuti akuluakulu 6 mwa 10 alionse amadziwa kuwerenga. Mu 1993 ana ena a ku Tete anayamba kuphunzira m'Cinyanja, pamodzi ndi Cipwitikizi. Mwana wa ku Lisboa amaphunzira m'cilankhulo ca amai ake. Nawenso, mwana wanga, buku lili m'manja mwakoli likulankhula ngati amai ako. Mu 2024 katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana aang'ono kuno ku Zambezia. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zina ndi nchito ya boma. Mijigo, misewu, mankhwala ndi mabuku sitingazigule tokha. Tiyenera kuzipempha pa misonkhano, mopanda mantha. Koma zina zili m'manja mwathu.

Makolo anga, ndikudziwa kuti nthawi yokolola cimanga ndi nandolo manja amacepa. Ndikudziwa kuti tsiku la msika mumafuna wokuthandizani kunyamula katundu. Ena mumati, "Wajomba tsiku limodzi lokha." Koma mwana wa kalasi yoyamba akajomba, anzake amaphunzira cilembo catsopano iye kulibe. Akabwera amasocera, amacita manyazi, mapeto ake amasiya sukulu. Conde, mwana abwere tsiku lililonse, mtsikana ndi mnyamata yemwe. Agone m'neti. Neti si yophera nsomba kapena yochingira dimba. Amwe madzi owiritsa. Thupi likatentha, thamangirani naye kucipatala tsiku lomwelo.

Ndipo inu ana, musacite manyazi ndi mudzi wanu. Kuno tili ndi mvula, nthaka yaconde ndi anthu odziwa kugawana nsima. Cimene cikusowa ndi anamwino ambiri, aphunzitsi ambiri ndi amisiri okumba mijigo. Anthu amenewo sadzacokera ku Lisboa. Ali m'kalasi mwanga, akhala pansi, akuphunzira kulemba a, e, i, o, u.

Mtsikana uja tsopano amalemba yekha dzina lake. Akadzapitiriza sukulu, tsiku lina adzalemba dzina la mankhwala a agogo ake.