PAKHONDE PANGA: Dzimbiri salibisa ndi penti

Ambiri mwakhala mukundifunsa chimene zala zanga zadera ngati za wogulitsa makala, ndi chimene ndikuyendera mumsika kupempha mabatire akutha a tochi. Ena mpaka mwayamba kunong'onezana kuti mkuluyu walowa zokhwima. Ayi abale, lekani ndifotokoze lero nkhaniyi ithe.

Malume anga atatisiya chaka chatha, anasiya njinga yamoto m'chisakasa kuseri kwa nyumba. Inali itatha zaka zoposa khumi osalira. Matayala anali ataphwa mpaka kung'aluka, thanki yodzaza dzimbiri, pansi pa injini nkhuku itaikira mazira. Pogawa katundu, asuweni anga sanazungulire ayi.

"Asuweni, chitsulo ichi tikachikweze pasikelo kwa ogula zitsulo zakutha, tigawane ya sopo."

Mtima wanga unawawa zedi. Njinga imeneyi ndiyo inandithamangitsira kuchipatala usiku ndili mwana, malungo atandigwira, mayi anga atandipanikiza pakati pa iwo ndi malume. Ndiye lero ikagulidwe pa kilo ngati bonya? Tinapangana chonchi: ikalira tsiku loika mwala pamanda a malume lisanafike, ndi yanga. Ikakanika, ipite kusikelo ndipo ine ndisadzatchulenso.

Njingayo ndi Honda CG125. Achinyamata a kabaza mwina mukuseka kuti ndi gogo, koma dziwani kuti gogoyu ndiye kholo la njinga zanuzo. Inatuluka koyamba mu 1975. Isanapangidwe, a Honda anatuma akatswiri awo kukaona m'mene anthu a m'mayiko osauka a ku Asia ankagwiritsira ntchito njinga. Anakapeza zomwe inu ndi ine timazidziwa bwino: oyilo osasintha mpaka kuda ngati phula, sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, banja lonse ndi katundu pampando umodzi. M'malo mokalipira anthuwo, anapanga injini ya 124cc yopirira nkhanza, yosavuta kumasula, sefa yake yasiponji yoti ungochapa n'kubwezera. Ku Brazil anayamba kuipanga mu 1976, ndipo woitsatsa anali Pelé weniweniyo. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu yathuyi zinatengera injini yomweyi. N'chifukwa chake zipangizo zina za m'kati mwa injini ndinazipeza mumsika momwemu popanda kutuma munthu ku Joni.

Injini sinandivute kwenikweni. Pisitoni inali itagwira, koma nditathira dizilo pabowo la pulagi n'kudikira sabata yathunthu, inagonja. Kabuleta ndinaimasula n'kuitsuka, oyilo ndinathira watsopano. Chimene chinandiimika mutu ndi tizitsulo ting'onoting'ono: mabawuti, manati, mawashala, tizogwirira ta madigadi. Zonse zinali zofiira ndi dzimbiri. Mabawuti ake ndi olimba kuposa ambiri a masiku ano, ndiye kuwataya kunandivuta.

Mnyamata wina wogulitsa zitsulo anandiuza zachidule. "Bigi, ingowazani penti yasiliva, mawa muziyenda." Ndinawaza awiri kuyesa. Kungoika sipanala kamodzi, penti yonse inakanuka, dzimbiri n'kusuzumira ngati likundiseka.

Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina wokonza njinga ku Ndirande, wa imvi mpaka m'nsidze. Anatenga bawuti wanga, kumutembenuza, n'kundifunsa: "Mwana wanga, malata a padenga panu aja ndi achitsulo. Bwanji amatha zaka osachita dzimbiri?" Ine kukamwa pululu. Iwo akuti chinsinsi chake ndi zinki amene amakutira pamwamba. Penti imangophimba, ikakalika madzi amalowa n'kuyamba kudya chitsulo. Zinki ndi wina: mvula ikabwera amadyeka iyeyo poyamba, chitsulo chili phee, ngakhale pamene pakalika pang'ono. Ndipo anati ntchito yokutira zinki pa tizitsulo tating'ono munthu angathe kuichita pakhonde pake.

Nayi njira yake monga ndinaichitira, kwa amene akufuna kuyesa.

Choyamba zinki. Chigoba cha batire wamba wa tochi, wotchipa uja, chimene chili m'kati mwa chikutiro chakunja, ndi zinki. Mumachisenda mutavala magolovesi, kuchotsa zakuda zonse, kuchitsuka n'kuchiwongola. Mabatire olembedwa kuti alkaline chigoba chake n'chachitsulo, alibe ntchito pano. A foni musayerekeze n'komwe kuwatumbula, amayaka moto.

Chachiwiri madzi ake. Viniga woyera m'kandowa ka pulasitiki, kuponyamo tizidutswa ta zinki n'kusiya masiku angapo kuti tisungunukemo. Kenaka mchere wa Epsom wa ku famase kuti magetsi aziyenda bwino m'madzimo, ndi kasupuni ka shuga kuti zinki agwire mosalala.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, kutsuka. Girizi yense achoke ndi madzi otentha a sopo. Dzimbiri lichoke poviika bawuti m'viniga wina usiku wonse, m'mawa kumukwecha ndi burashi yawaya mpaka ayere. Mukatsukuluza, yang'anani madzi. Akayala bwinobwino pachitsulo, chayera. Akaundana timadontho, mafuta akadalipo, bwererani. Chikayera musachigwirenso ndi zala, chifukwa thukuta lanu lomwelo limakaniza zinki.

Chachinayi magetsi. Batire limodzi latsopano la tochi, la mavolti 1.5, limakwana. Waya wochokera ku + apite ku chidutswa cha zinki choimikidwa m'mbali mwa ndowa. Waya wochokera ku – apite ku bawuti, atalendewera m'madzi ndi kawaya ka kopa. Ziwirizi zisagundane. Posachedwa muona tithovu tikutuluka pa bawuti. Pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mumutulutse, wasanduka wotuwa ngati phulusa. Kwechani ndi kawaya kotsukira mapoto, mutembenuze mbali ina iyang'ane kuli zinki, mubwezeremo. Kawiri, katatu. Pomaliza mutsukuluze m'madzi a soda wathu wa therere uja kuti ukali wa viniga uthe, n'kuumitsa.

Bawuti woyamba atawala m'manja mwanga ndinavina ndekha pakhonde. Mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, viniga wa tchipisi watha, shuga akuchepa, ndiye mukuvina chiyani?" Anandilanda supuni yawo, ndipo analondola. Chiwiya chimene chalowa m'madzi amenewa chisabwererenso kukhitchini. Ntchitoyi ichitikire panja popita mphepo, kutali ndi mbaula, chifukwa tithovu tija ndi mpweya wa haidirojeni umene umayaka. Madzi ake musataye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, sungani m'chigubu cholembedwa, kutali ndi ana. Amagwirabe ntchito ulendo wina.

Tsono poti munthu sakhutira, ndinalakwa kawiri. Poyamba ndinaona ngati batire limodzi likuchedwa, ndinalumikiza batire la galimoto. Madzi anawira ngati thobwa, bawuti n'kutuluka wakuda bii, zinki wake woyoyoka ngati mwaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akulu sananame.

Kulakwa kwachiwiri kukanatha kundipweteka. Ndinakutira sipuling'i ya sitandi kuti nayonso iwale. Patatha masiku awiri ndili kuikoka, inangoti thyo! Nditabwerera ku Ndirande, mkulu uja anagwira mutu.

"Mwana wanga, ikanakhala ya buleki bwenzi tikukamba zina."

Akuti haidirojeni yemwe uja amalowerera m'chitsulo cholimba kwambiri n'kuchisandutsa chothyoka msanga, chikhalirecho kunja chikuwala. Kufakitale zitsulo zotere akazikutira amaziwotcha mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 200 kwa maola angapo kuti mpweyawo utuluke. Ife pakhonde tilibe zimenezo. Ndiye lamulo ndi ili: masipuling'i, ekiselo ya gudumu, za mabuleki, ndi bawuti aliyense wolembedwa 10.9 kapena 12.9 pamutu, musaviike. Zimenezo gulani zatsopano. Zinki wa pakhonde ndi wa tizitsulo tosanyamula moyo wa munthu.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule nanu anzanga a zitsulo, ndipo musandikwiyire. Ndayenda m'mabenchi mwanu miyezi iwiri. Ambiri ndinu achilungamo, chakale mumanena kuti n'chakale, mtengo n'kukhala wa chakale. Koma alipo ena amene madzulo amayala mabawuti adzimbiri pa katoni, kuwaza penti yasiliva, m'mawa n'kumati "za mupaketi izi bwana." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bawuti ameneyo akamangira gudumu la kabaza, ndipo wokwera kabazayo ndi mayi wa tomato wa benchi loyandikana nanu, mwana ali kumsana. Chakale sichochititsa manyazi. Chitsukeni, nenani zoona, kasitomala adzabweranso ndi mnzake. Inenso amene anandiuza kuti "ichi bambo musagule, chatha" ndi amene ndamusiyira ndalama zambiri.

Mukufuna kudziwa za njinga ija? Loweruka lapitali ndinathira petulo lita imodzi, ana a m'mudadada atazungulira mpanda. Kuponda koyamba zii. Kachisanu inatsokomola. Kachisanu ndi chinayi inalira, utsi tolo, nkhuku balala! Mayi a kunyumba, omwe aja a viniga, ndiwo anayamba nthungululu. Ine ndinangokhala pansi, misozi ili m'maso, chifukwa kulira kwake ndi komwe kuja ndinkakumva ndili mwana malume akamatulukira pa mtengo wa mango.

Kwatsala matayala, zingwe za mabuleki zatsopano, chipewa ndi mapepala a boma, pakuti sindifuna kukafika kumanda ndi lisiti la apolisi m'thumba. Asuweni ndawatumizira kale uthenga kuti sikelo ija apimire nandolo.

Amene muli ndi mabatire akutha, musataye. Ndidutsa Lachiwiri. Malonda abwino nonse.