Galasi lisaphe mbalame

Nkhondo inatha m'caka ca 1992. Anthu a ku Chifunde anabwerera kwawo kucokera ku Zambia ndi ku Malawi. Anamanganso nyumba, masukulu ndi zipatala. Zina mwa nyumbazi zili ndi mazenera a galasi. Galasi ndi labwino. Limalowetsa kuwala, limatsekereza mphepo ndi fumbi. Koma kwa mbalame, galasi ndi msampha.

Mbalame siidziwa galasi. Ikayang'ana pa zenera imaona mtengo ndi mitambo, monga munthu amaonera nkhope yake m'madzi a mtsinje wa Luia. Imayesa kuti pali njira. Imabwera ndi liwiro, kenaka phu! Yagwa pansi. Zina zimadzuka, zina zimafera pomwepo.

Ena amati: "Kambalame n'kaciani? Si mpheta zomwezi zimatha mapira kumunda?" N'zoona. Koma galasi silisankha. Limapha mpheta, limaphanso mbalame zimene zimatola mbozi ndi ziwala m'munda. Akulu anati timba sacepa ndi mazira ake. Mayi wa mbalame akafa pa zenera, ana ake m'cisa amafa ndi njala.

Cifukwa cace mazenera a galasi ayenera kukhala ndi zizindikiro. Nchito imeneyi siifuna ndalama. Laimu, sopo kapena dothi loyera ndi zokwanira. Munthu aviike cala ndi kudontheza madontho pa galasi lonse. Madontho akhale kunja, pakuti cithunzi ca mtengo cimaoneka kunja. Akhale pafupipafupi, motalikirana masentimita 5, ngati zala zitatu za munthu wamkulu. Dontho limodzi silikwanira, mbalame imangolambalala ndi kugunda pambali. Kuwala kumalowabe m'nyumba. Mvula ikatsuka madontho, alembedwenso.

Nanga mbalame imene yagwa koma ikupuma? Mwana aitole pang'onopang'ono, aiike m'katoni yoboola timabowo. Katoniyo ikhale pamthunzi, kutali ndi mphaka ndi galu. Asaithire madzi m'kamwa, ingatsamwe. Pakapita nthawi atsegule panja. Ikapeza mphamvu idzauluka yokha.

Ana a kalasi yoyamba akuphunzira kuwerenga: cimodzi, ziwiri, zitatu. Angathe kuwerenga madontho pa zenera la kalasi yawo. Mazenera a m'mwamba ndi a aphunzitsi ndi makolo, pakuti galasi limasweka ndipo limaceka. Ana alembe m'munsi, akulu alembe m'mwamba, ndipo pumbwa adzaona kuti pano palibe njira.