MLIMI AYAMBE NDI MADZI

Pa 29 February 2024 Boma linalengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda monga cinacitira mu 1992. Palibe munthu angalamule mitambo, koma madzi amene agwa pa malo a mlimi ali m'manja mwake. Cifukwa cake aliyense wotsegula munda kapena womanga pamalo patsopano ayenera kuyamba wakonza malowo m'maganizo asanagwire khasu.

Nzeru imeneyi ena aicha permaculture, dzina limene Bill Mollison ndi David Holmgren a ku Australia analibukitsa mu 1978. Dzinali ndi lacilendo, koma makolo amene anali kubzala maungu ndi nyemba pakati pa cimanga anali kudziwa kale mutu wake: cinthu ciriconse pamudzi cithandize cinzake.

Coyamba ndi kuyang'ana. Mvula ikamagwa, mlimi aone kumene madzi acokera, kumene athamangira ndi pamene aima. Pamalo otsetsereka mizere idutse mopingasa, ndipo m'mphepete mwake abzalemo udzu wa vetiva, kuti madzi alowe pansi osakokolola nthaka. Denga nalonso ndi kasupe. Ku Chipata, Katete ndi Petauke mvula imapitirira mamilimita 800 pa caka cabwino. Pa denga la malata la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi pamagwa malita oposa 24,000, ndiwo madiramu oposa 100. Ambiri mwa madzi amenewa amangokumba zigwembe pabwalo, pamene amai alikuyenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu.

Caciwiri ndi kuika cinthu ciriconse pamalo pake. Cimene cifuna maso tsiku ndi tsiku cikhale pafupi ndi nyumba: kadimba ka ndiwo, khola la nkhuku ndi dzenje la manyowa. Madzi otsukira mbale apite ku nthoci ndi mapapaya. Khola la ng'ombe likhale pamwamba pa dimba kuti ndowe zisavute kututa, koma khola ndi cimbudzi zikhale kumunsi kwa citsime, mamita 30 kapena kuposa. Patsogolo pake pabwere munda wa cimanga ndi nshawa, ndipo kutali kukhale mitengo ya nkhuni ndi ming'oma ya njuci.

Cacitatu ndi cakudya ca nthaka. Fataleza ndi wodula ndipo kawirikawiri amafika mocedwa. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba cimanga, koma umacipatsa cajira. Ubzalidwe pa mamita 10 alionse, mitengo 100 pa hekita. Popeza msangu umakula pang'onopang'ono, mlimi ayambe ndi giliricidiya ndi nyamundolo, ndipo asinthanitse cimanga ndi nshawa caka ndi caka. Wotentha mapesi atentha cakudya ca ana ake.

Ena adzati nchitoyi ndi yaikulu. Ndi zoona, ndipo wofuna kutsiriza zonse caka cimodzi adzalema. Ayambe pakhomo ndi lima imodzi, aone zotulukapo, kenaka afutukule.

Mafumu ndi anyakwawa pogawa malo asunge madambo ndi magombe a mitsinje, ndipo alangizi a zamalimidwe afike pamudzi mizere isanaungidwe. Madzi akatayika saoleka.