Munampitikitsa Watenala Uja, Nyimbo Yakoma?

Pampingo wina kumwera kwa Mzimba, sindiutchula dzina, panali mnyamata woimba tenala. Akatsogolera sumu pamaliro, amayi kumoto ankayamba asiya mithiko. Kenaka kunabuka manong'onong'o, ati mwanayo safuna akazi, ati ngwamathanyula. Palibe anamgwira, palibe anamfunsa. Akuluampingo anangomuuza kuti ayambe wapumula kukwaya. Anakwera basi ya ku Joni monga achitira anyamata onse akwathu, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Ine ndinalipo tsikulo, ndimaimba besi kumbuyo kwake, ndipo ndinangoti zii ngati ndamwera phala lamoto. Manyazi amenewo ndiwo andigwiritsa cholembera.

Mzinda wa San Francisco ku America, mphunzitsi wa nyimbo Jon Sims anaitana amuna okonda amuna anzawo kuti ayambe kwaya. Anakumana koyamba pa 30 Okutobala 1978, anthu ngati 100. Mwezi usanathe, pa 27 Novembala, munthu wina anaombera ndi kupha mfumu ya mzindawo George Moscone pamodzi ndi Harvey Milk, khansala amene sankabisa kuti amakonda amuna. Usiku womwewo amuna aja anasiya pulakatisi, nakaima pamasitepe a City Hall nkuimba nyimbo ya Mendelssohn. Mwamva? Kuimba kwawo koyamba pagulu kunali kwa pamaliro, ndipo nyimbo yake inali ya Mulungu.

Mu 1981 anayendera mizinda 9 ya dziko lawo, ndipo m'mene anadutsamo makwaya ena anaphuka. Chaka chomwecho ansembe anawatsekera chitseko cha tchalitchi cha St. Ignatius. Chaka chomwechonso Edzi inatulukira. Sims mwini wake inamtenga mu 1984. Kwaya ya amuna imakhala ndi magulu anayi a mawu. Iwo anaonjezapo lachisanu, la anzawo amene anatisiya, ndipo maina ake anapitirira 300. Ife a ku Mzimba amene tinakumba manda mpaka makasu kugomera m'zaka za m'ma 1990, tisanamizire kuti sitikudziwa kuimba maliro atatu pasabata kuti nkutani.

Ndikumva kale wina akutsokomola: "Achimwene, zimenezo nzachizungu, si chikhalidwe chathu." Chabwino, tiyeni tikambe zachizunguzo. Ndime 153 ya malamulo a milandu, imene imapereka zaka 14 kundende, sinachokere ku Hora kapena ku Edingeni. Anatisiyira ndi Angerezi a boma la atsamunda, eni ake anaifufuta kwawo mu 1967, ife nkumaisungabe ngati chuma cha agogo. Ndiyo inamangitsa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga mu 2010, mpaka Bingu wa Mutharika anachita kuwakhululukira. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana kuigwetsa. Tsono chachizungu nchiti apa, mnyamata wobadwira m'mudzi mwathu kapena ndime ija?

Ndiponso kuno kwathu nkhani yakuti ndani ayenera kuimbira Mulungu si yachilendo. Amishoni ambiri ankati nyimbo za Angoni nzachikunja, nzankhondo, nzamowa. Donald Fraser atakhazikika ku Loudon, Embangweni, sanamvere zimenezo. Ankachititsa mipikisano ya opeka nyimbo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatenga maimbidwe a makolo nkuwalowetsa m'tchalitchi. Zimene dzana zinali zonyansa lero ndizo timanyadira mu Sumu za Ukristu. Nanga Charles Chinula? Mpingo unamtsitsa paubusa mu 1930, iye nkukayamba wakewake ku Sazu. Kodi tinang'amba masamba a nyimbo zake? Ayi ndithu, timaimbabe, misozi ili mbwembwembwe. Makolo athu achikhristu ankadziwa kusiyanitsa mlandu wa munthu ndi mphatso yake. Ife mnyamata wopanda ndi mlandu womwe tampitikitsa.

Sindikunena kuti mawa tikalembetse kwaya yotere pa Boma ndi kukaimika pamsika. Ndikudziwa miyala imene ingaponyedwe, ndipo sindine wolimba mtima chotero; ndanena kale kuti ndinakhala chete. Abusa alalikire zimene akhulupirira, guwa ndi lawo. Koma kwaya si bwalo la milandu. M'kwaya mwathu muja muli amitala obisa, muli okongoza katapira, muli ena timachita kuwagwirizitsa akabwera Lamulungu mutu ukuwawa ndi kachasu. Onsewo timati Ambuye ndiye adzaweruza. Kwa mmodzi yekha uyu ndiye tinavala mikanjo ya ajaji, umboni wake manong'onong'o a pachitsime.

Mayi ake a mnyamatayo anamwalira dzinja lathali. Ndalama ya bokosi inachokera ku Johannesburg, ndipo akuluampingo omwe aja anailandira ndi manja awiri, naiwerenga pamaso pa anthu. Mwini wake sanabwere. Tinaimba usiku wonse pasiwa, ndipo titafika pamzere umene iye ankakwera yekha, atenala athu atatu anayang'anana, aliyense kudikira mnzake.