Si skrapu iyi, ni thukuta la agogo athu

Ku Livingstone kuli mashedi akale a kampani ya Zambezi Sawmills, mmene anali kukonzela mainjini a sitima. Lamulo limawateteza monga cuma ca dziko, ndipo lelo ni Railway Museum. Anzathu ena akuti uku ni kuwononga malo cabe. Akuti ni zinthu za atsamunda, zitsulo zigulitsidwe kwa a skrapu, pamangidwe mall. Ife tikana.

Njanji ya kampani iyi, yocoka ku Livingstone kufika ku Mulobezi, ipitilila makilomita 160. Anaiyala ndani? Ndani anagwetsa mitengo ya mukusi, kuikoka mumcenga na kuiceka kuti ikhale masilipa a njanji na matabwa a pansi m'nyumba za olemela? Ndani anapsa kumaso posonkha moto wa injini? Ni agogo athu. Phindu linapita kwa eni kampani, nkhalango inacepa, ndipo cimene cinatsalila ife ni mashedi awa. Tikawagwetsa, eni kampani sataya kanthu, anadya kale. Otaya ni ife, cifukwa tikhala tafafaniza umboni wa nchito ya makolo athu.

Onani zimene ena amacita. Injini imodzi ya pa njanji yomweyi inatengedwa na David Shepherd, katswili wojambula zithunzi, kupita nayo ku England, ndipo isungidwa bwino mu myuziyamu ya sitima kumeneko. Iwo aona mbili, ife tiona makilo a citsulo. Si manyazi amenewa?

Manje naimwe a National Heritage Conservation Commission, cikwangwani pa geti sicikwanila. Dzimbili siliwelenga lamulo. Denga likadontha, likonzedwe. Ndiponso mlendo asatuluke atadziwa cabe caka na fakitale imene inapanga injini. Adziwenso amene anaigwilila nchito: maina awo, malipilo awo, komboni imene anali kugona, na amene analemala pa macini oceka.

Nkhani izi zili m'mitu ya nkhalamba za ku Mulobezi na Livingstone, ndipo nkhalamba siziyembekezela bajeti ya boma. Mafoni tili nawo m'matumba. Amene muli na agogo anasewenzako ku sawmill kapena pa njanji, khalani nawo pansi, mujambule mau awo, muwatumize ku wailesi ya kwanu. Mall tingamange caka ciliconse, koma shedi ikapita pa sikelo ya skrapu sibwelanso.