Penti ya m'bodi ya pikapu ndi dzimbiri la ku Zomba

Wilibala yanga yoyamba inangoona madzinja awiri basi. Chaka chachitatu ndinathiramo mchenga wa ku Likangala, ndipo ndisanafike n'komwe pakhomo mchenga unali ukudontha ngati ufa pa sefa. Nditaigadabuza ndinapeza chitsulo chitafiira n'kubooka malo atatu, moti chala chinkalowa.

Aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri la Zomba akudziwa chimene chinaidya. Phirili, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, limakoka mitambo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, ndiye mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi mawawa ake, chifunga n'kuphimba kuyambira ku Ku Chawe mpaka ku damu la Mulunguzi. Chitsulo chogona panja sichiuma bwino. Tayang'anani makaliyala a njinga zotsika ndi nkhuni m'phirimo, kapena mageti a ku Matawale: dzimbiri limayambira m'munsi ndi m'mphako momwe madzi amabisala.

Nditagula wilibala ina, mmisiri wina wowotcherera ndiye anandionetsa njira. Anali atangomaliza kupopera m'bodi mwa pikapu penti yakuda, yokhuthala, imene ikauma imakhala yamanyanyanya ngati mphira. Ku Joni amapopera mapikapu ambiri a ntchito. Pentiyi ndi ya polyurethane, ndipo mitundu ina, monga Raptor, imabwera ndi kabotolo kena kolimbitsira kamene mumasakaniza nthawi yopaka itakwana. "Bwana, bweretsani wilibala yatsopanoyo isanalawe mvula," anatero. Yotsala m'chitini inakwanira.

Chimene chinandikhudza n'chakuti kupakako kunatenga mphindi zochepa, koma kukonzekera kunadya m'mawa wonse. Anapala ndi burashi yawaya, n'kukwecha ndi sandipepa mpaka kunyezimira konse kwa penti yakale kutachoka, n'kupukuta ndi thinazi. Pomwe chitsulo chinaonekera anayamba wapaka penti yapansi. Apa m'pamene ambiri timaphonya. Tikapaka pamwamba pa dzimbiri, dzimbirilo silifa. Limapitiriza kudya mkati mwakachetechete, ndipo tsiku lina chikopa chonsecho chimamatuka ngati khungwa la bulugamu. Ndalama zapita, chitsulo chapitanso. Tsiku la chifunga musayese n'komwe, chifukwa pentiyi sigwirizana ndi chinyezi isanaume.

Si chilichonse chofunika kupakidwa. Mbaula ayi, moto uiwononga n'kutulutsa utsi woipa. M'kati mwa ndowa ya madzi akumwa ayi. Khasu ndi fosholo nthaka ikazisenda tsiku lomwelo, zimenezo n'zongotsuka, kupukuta ndi kudzoza kaoyilo. Koma wilibala, miyendo ya thanki, kaliyala, mipando yachitsulo yapakhonde, m'munsi mwa geti, pamenepo imathandiza kwambiri.

Mtima umandiwawa ndikaona anyamata m'magalaja akupopera atangodzimanga kansalu pamphuno. Mpweya wa mankhwala olimbitsirawo umavulaza mapapo ndipo umatha kuyambitsa mphumu yosachoka. Mwini galaja amene ali ndi ndalama zogulira kompuresa angathenso kugula chophimba kumaso chokhala ndi zosefera. Ife opereka ntchito tizifunsa tisanasiye katundu wathu.

Pentiyi ndi yodula, ndipo ndikumvetsa amene amadalira phula kapena oyilo wakutha. Ine ndinawerengera mtengo wa wilibala ina yatsopano, ndinaona kuti kuli bwino kupaka. Yachiwiriyi yadutsa madzinja anayi, kuphatikizapo mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mtundu wafwifwa ndi dzuwa, ndipo kumlomo komwe fosholo imagunda kwapalika pang'ono. Loweruka lino ndikakwecha pamenepo ndi kupakanso mvula yoyamba isanagwe.