Madzi Saiwala Khwawa: Poloti ya ku Chigwa Musaigule mu Okutobala

Mu Okutobala chaka chatha, achimwene anga, omwe angoyamba kumene ntchito yauphunzitsi, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali cha kampani ina yogulitsa malo: mapoloti odulidwa kale pakati pa Dyeratu ndi Nchalo, misewu yojambulidwa mowongoka bwino, kulipira pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu. Pansi pake analemba kuti, "Mphwanga, Loweruka tikaone malowa. Anzanga atatu atenga kale."

Sindinawadabwe. Aliyense amene wangoyamba kulandira malipiro akudziwa kuti ndalama yosunga ku banki ikusungunuka ngati mchere m'madzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Poloti ya ku Chileka kapena ku Mpemba mphunzitsi wongoyamba sangaikwanitse. Ndiye munthu akamva kuti kwawo ku Chigwa kuli malo otsika mtengo, pafupi ndi tala, mtima umathamanga kuposa mutu.

Tinapita. Malowo anali athyathyathya, ouma gwa, kutentha kwake kuja kwa kwathu kosafuna kufotokoza. Giledala inali itapala misewu iwiri, mabikoni atapakidwa penti yoyera. Mnyamata wa kampaniyo anatiuza kuti, "Abwana, kuno madzi safika. Madzi ndi a kutsidya uko." Achimwene anayamba kale kuloza pomwe padzakhale khonde.

Chomwe chinatipulumutsa ndi ludzu. Tinalowera pakhomo lina chapafupi kukapempha madzi akumwa, ndipo agogo amene tinawapeza atamva chomwe tadzera, anatitengera kuseri kwa nyumba yawo. Pakhoma la njerwa panali mzere wakuda wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. "Ana anga, awa ndi madzi a chaka cha Ana," anatero. "Ndipo pano m'pokwera. Kumene mukuchokerako ife timadzalako mpunga mvula ikachuluka." Madzi amene anatipatsa aja anali a pamjigo, ndipo anali amchere.

Kuchokera tsiku limenelo ndili ndi maganizo amodzi omwe ndikufuna ndiwateteze pano. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ubwino wa poloti suoneka m'chilimwe, ndipo wogulitsa si munthu woti akuuze. Amene amadziwa ndi madzi, ndi anthu amene akhala nawo madziwo zaka zambiri. Wogula asanafunse awiriwa akuchita juga ndi malipiro ake.

Kuti timvetse chifukwa chake, tikumbuke mmene dera lathu linakhalira. Ukamatsika mapiri aja kuchokera ku Blantyre mpaka kufika pa Thabwa, watsika mamita pafupifupi 1,000. Madzi ambiri a mvula yogwa ku Blantyre, Thyolo, Mwanza ndi Mulanje alibe kwina kolowera koma kwathu. N'chifukwa chake munthu wa ku Chigwa amatha kugona kunja kuli nyenyezi, n'kudzuka mphasa ikuyandama. Mtsinje wa Ruo, womwe umachokera ku Mulanje, ukadzaza umatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mtsinje wa Mwanza unakwiririka ndi mchenga, moti suchedwa kutaya madzi m'minda ndi pamsewu. Mitsinje ina ing'onoing'ono imene mu Okutobala ana amaseweramo mpira, mu Febuluwale imakokolola ng'ombe.

Zaka zake tonse tikuzidziwa. Mu Januwale 2015 boma linalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi, anthu oposa 200,000 anasowa pokhala, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndi amene anavutika kwambiri. Ku Makhanga anthu ankafikiridwa ndi mabwato ndi ndege basi. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo msewu wa M1 unaduka m'malo angapo. Patangotha milungu yochepa kunabwera Gombe, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Kasanu m'zaka zosakwana khumi. Nyumba ya njerwa zootcha timaimanga kuti ikhale zaka 40 kapena 50. Werengani nokha kuti idzakumana ndi madzi kangati.

Ndiye poloti tiziiona bwanji? Choyamba, pitani mu Febuluwale, makamaka tsiku lotsatira mvula yamphamvu. Musapite pagalimoto ya kampani. Kwerani kabaza kuchokera pa siteji, ndipo mumve zomwe wakabazayo anene za njirayo. Akakana kukufikitsani, wakuyankhani kale. Mukafika, siyani kuyang'ana poloti yanu, yang'anani nyumba za eni mudzi. Maziko awo ndi otalika bwanji? Pamakoma pali mizere? N'chifukwa chiyani mudzi wonse unamanga mbali imodzi n'kusiya chigwa chokongolacho chopanda nyumba? Makolo athu sanali opusa kuti asiye malo abwino pafupi ndi msewu kudikira kampani ya m'tauni. Funsani kuti madzi akasefukira anthu amathawira pasukulu iti, ndipo muyerekeze kukwera kwa sukuluyo ndi kwa poloti yanu. Funsani amayi, chifukwa ndi amene amatunga madzi ndi kulima m'madimba, ndipo alibe chomwe akugulitsa.

Lawaninso madzi a pamjigo. M'madera ambiri a Chigwa madzi a pansi ndi amchere, ndipo mipopi ya Southern Region Water Board simapita kutali ndi matauni monga Nchalo, Ngabu, Bangula ndi maboma awiri aja. Poloti yomwe madzi akumwa uzichita kugula m'zigubu tsiku ndi tsiku si yotchipa. Onaninso dothi. Makande, dothi lakuda lija lochuluka cha ku Ngabu, ndi labwino kwa thonje koma ndi mdani wa nyumba. Likanyowa limafufuma, likauma limang'ambika, ndipo khoma limatsatira. Kumanga pamakande kumafuna maziko akuya ndi simenti yambiri, chimbudzi chokumba chimafuna kumangira mkati kuti chisagwe. Ndalama imene wapulumutsa pogula umaikwirira pansi.

Pali chigumula china chomwe sichidikira mvula: cha mapepala. Malo ambiri amene akudulidwa mapoloti kwathu ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Funso loyamba si lakuti "ndi zingati?" koma "amene anagulitsa kwa kampaniyi ndani, ndipo abale ake akudziwa?" Chigwa chili ndi miyambo iwiri yoyandikana. Pakati pa Asena malo amatsata kuchimuna, pomwe kwa Amang'anja mwambo wakale umatsata kuchikazi. Munthu akhoza kulima munda zaka 20 koma osakhala ndi mphamvu yougulitsa. Mwana wa malume amene ali ku Johannesburg lero adzabwera mawa, n'kupeza inu mwafika pa lintala.

Malamulo a za malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti kalata ya mfumu yokhala ndi chidindo payokha sikukwanira, ndipo lisiti ya kampani si umboni wa umwini. Lisiti imangonena kuti munapereka ndalama. Pemphani kuona chikalata cha malo onsewo m'dzina la kampaniyo, mutenge nambala yake mukafufuze nokha ku ofesi ya za malo ku khonsolo ndi ku Unduna wa za Malo ku Blantyre. Funsani ngati mapu a mapolotiwo anavomerezedwa ndi a mapulani. Onetsetsani kuti simuli m'malire a msewu kapena pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM. Zonsezi zimadya masiku angapo ndi ndalama ya minibasi. Ife amene tinatha miyezi tikufufuza za pulojekiti ya chaka chomaliza sitingalephere kufufuza malo odzagona ana athu. Safunsa anadya phula.

Chinthu chachitatu chimene wogulitsa amakhala nacho m'thumba ndi lonjezo la chitukuko. Mnyamata uja anatiuza kuti ngalande yaikulu ikatha, malowo adzakwera mtengo kasanu. Ngalandeyo ilipodi. Pulogalamu ya Shire Valley Transformation ikukumba ngalande yochokera ku Kapichira yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 mpaka cha ku Bangula, ndipo ndikufunitsitsa itheke. Koma ife a ku Chigwa tili ndi chipsera. Mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Tinauzidwa kuti Nsanje ikhala mzinda, ndipo anthu a ndalama anathamangira kukagula malo. Bwato la feteleza lomwe linkayembekezeka tsikulo linagwidwa ku Mozambique, ndipo mpaka lero padokopo sipakocheza sitima za katundu. Amene anagula chifukwa cha doko akudikirabe. Phunziro lake si lakuti chitukuko sichibwera. Ndi lakuti poloti iyenera kukhala yabwino ndi zimene zilipo lero: msewu wodutsika nthawi ya dzinja, madzi, sukulu, chipatala, msika. Nchalo inakula chifukwa cha fakitale ya shuga yomwe ikugaya nzimbe chaka ndi chaka, osati chifukwa cha chikwangwani. Lonjezo likadzakwaniritsidwa, likhale basera.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, chifukwa achimwene anandiuza zonse m'minibasi pobwerera. Choyamba anati, "Ukadikira Febuluwale, mapoloti atha, ndipo mtengo ukwera." N'zoona, ndipo sindikupeputsa. M'dziko limene mtengo wa simenti umasintha usanamalize kuwerenga ndalama, kudikira kuli ndi mtengo wake. Koma yerekezani zotayika ziwirizi. Wodikira akhoza kulipira mowonjezera pang'ono. Wothamanga akhoza kutaya poloti, nyumba, katundu, n'kutsala ndi ngongole ya ku banki kapena ya banki m'khonde yomwe madzi sakokolola. Ndipo wogulitsa amene akukana kuti mudzaone malo nthawi ya mvula, dzifunseni kuti akuopa chiyani.

Chachiwiri anati, "Sindidzakhalapo ine, ndidzangogulitsa mtengo ukakwera." Apa ndi pamene ndinakwiya. Kugulitsa kwa ndani? Kwa namwino wongobwera kumene amene sakudziwa derali, mu Okutobala, monga mmene amafunira kutichitira ife? Tikatero ndiye kuti digiri yathu yatiphunzitsa kupatsira tsoka kwa wosadziwa. Ife ophunzira timakonda kudzudzula anthu a kwa Nyachikadza ndi ku Makhanga kuti n'chifukwa chiyani sasamukira kumtunda pomwe boma lakhala likuwapempha kwa zaka zambiri. Koma iwo aja ali ndi chifukwa: dimba limawapatsa chimanga, mbatata ndi nyemba pomwe kumtunda kwauma, amadziwa zizindikiro za madzi, ali ndi mabwato. Amadziwa chomwe akusinthanitsa. Ife tikufuna kuika nyumba ya malata ndi matailosi m'njira ya madzi popanda dimba, popanda bwato, chifukwa cha chithunzi cha pa foni. Wosadziwa ndani pamenepa?

Chachitatu, chomwe chinandipweteka, anati, "Ndiye ukuti kwathu kusamangidwe?" Ayi. Ndine mwana wa ku Chigwa ndipo ndikufuna kudzamanga kwathu. Chigwa si dambo lokhalokha. Kuli malo okwera kumene madzi sanafikeko ngakhale mu 2015 kapena chaka cha Freddy, ndipo eni dera amawadziwa. Kawirikawiri amakhala okwererapo mtengo, kapena otalikirako ndi tala, ndipo sabwera ndi chithunzi chokongola. Amapezeka poyenda wapansi ndi kufunsa. Chomwe ndikukana ndi kugula dambo pamtengo wa mtunda. Lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi linakhazikitsidwa mu 2023, ndipo ndikanakonda makhonsolo athu awiri atamata poyera mapu osonyeza madera osefukira, kuti aliyense wodula mapoloti azikakamizidwa kuwaonetsa kwa ogula. Koma pomwe tikudikira zimenezo, mapu athu ndi makoma a nyumba za agogo.

Mu Febuluwale tinabwererako. Sichinali chaka cha namondwe, inali mvula wamba. Wakabaza anatitsitsa pa kalavati n'kunena kuti kutsogoloko tiyende tokha. Tinavula nsapato. Msewu wa giledala uja unali ngalande, ndipo bikoni ya poloti imene achimwene anaisankha tinaipeza poponda ndi phazi pansi pa madzi ofika m'akakolo. Achimwene sanayankhule mpaka tinafika pa Dyeratu.

Sindinganame kuti nkhaniyi inatha mokoma. Mpaka pano sanagule malo, ndalama anasunga ija yachepa mphamvu, ndipo akaona mtengo wa simenti amandiimbira foni kundikumbutsa kuti ndine ndinawachedwetsa. Anzawo atatu aja mmodzi wayamba kale kuumba njerwa. Mwezi wamawa tikukaona poloti ina kumtunda kwa Ngabu, yomwe anatilozera ndi mphunzitsi wopuma ntchito wa komweko. Tanyamula botolo lopanda kanthu loti tikatungiremo madzi a pamjigo, ndipo tagwirizana kuti ngakhale itatisangalatsa bwanji, ndalama sizituluka mpaka mvula itagwa.